A mafizo angati mu ICU, nsapato yotani pa bondo lopweteka: zimene ofufuza apeza

Ambiri tikamva za mafizo timaganiza za munthu wothyoka mwendo, kapena agogo amene anafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko. Ntchito yambiri ilidi kumeneko. Koma pa zaka 20 zapitazi akatswiri a mafizo akhalanso akulimbana ndi mafunso awiri ooneka ngati sagwirizana. Loyamba ndi la m'chipinda cha odwala mwakayakaya, chija timangoti ICU: mufunika a mafizo angati, ndipo munthu wopumira makina ayambe liti kusuntha? Lachiwiri ndi la nsapato: wodwala nyamakazi ya m'bondo avale yotani? Kangapo konse kafukufuku wamkulu wabwera ndi yankho loti "palibe kusiyana", ndipo wongomva mothamanga amaganiza kuti ndiye kuti mafizo ndi ongotayira nthawi, nsapato nayonso iliyonse ndi nsapato. Sizili choncho. Ofufuza akati palibe kusiyana, pamafunika kufunsa kuti gulu linalo, limene ankayerekezera nalo, linkalandira chiyani.

Zimene bedi limachita pa thupi

M'chaka cha 1966 ku Dallas, ku America, anyamata asanu athanzi a zaka 20 anagonekedwa pabedi milungu itatu osadzuka, ofufuza akufuna kuona zimene zingachitike. Mphamvu ya mtima wawo pogwira ntchito yolemetsa inatsika kwambiri. Patadutsa zaka 30 amuna omwewo anaitanidwanso n'kuyezedwa, ndipo zinapezeka kuti milungu itatu ija inawafooketsa kuposa mmene zaka 30 za kukula zinawafooketsera. Awatu anali anthu osadwala, odya bwino.

Wa mu ICU ali ndi zoposa bedi. Ali ndi paipi kukhosi, mankhwala ogonetsa akuyenda m'mitsempha, mwina tizilombo talowa m'magazi, ndipo thupi pofuna kudziteteza limayamba kuphwanya minofu yake yomwe. Mu 2013 gulu la Zudin Puthucheary ku London linayeza ndi sikani mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu wa odwala 63. Pofika tsiku la 10 mnofuwo unali utachepa ndi magawo pafupifupi 18 pa 100, ndipo amene ziwalo zingapo zam'kati zinasiya kugwira bwino ntchito ndi amene anatha msanga. Mnofu umene timapumira, wa pansi pa mapapo, nawonso umafooka makina akamaugwirira ntchito, ndiye tsiku lochotsa makina likafika wodwala amalephera kukoka mpweya yekha. Ku Toronto, Margaret Herridge ndi anzake anatsatira kwa zaka zisanu anthu amene anapulumuka matenda aakulu a m'mapapo. Mapapo awo anachira pafupifupi bwinobwino, koma mtunda umene ankayenda pa mphindi 6 unali magawo 76 okha pa 100 a umene anzawo a msinkhu womwewo amayenda. Chimene chinawatsalira ndi kufooka kwa miyendo ndi manja.

Apa ndi pamene wa mafizo amalowera, ndipo ndi bwino kuona ntchitoyo pafupi, chifukwa nkhani yonse ya chiwerengero cha antchito yagona pamenepo. Asanamukhudze wodwala amaona kaye BP, kugunda kwa mtima, mpweya m'magazi ndi mlingo wa mankhwala okweza BP amene akulandira. Akatswiri anagwirizana mu 2014 za ndondomeko yogwiritsa ntchito mitundu ya maloboti a pamsewu: wobiriwira yambani, wachikasu samalani ndipo mufunse dokotala, wofiira lero ayi. Wodwala akakhala kuti sakudziwa kanthu, wa mafizo amamupinda ndi kumuwongola zigongono, mawondo ndi akakolo kuti zisaume, amamutembenuza kuti mbali zonse za mapapo zilandire mpweya, ndipo amathandiza kuti makhololo akwere n'kukokedwa ndi kapaipi asanayambitse chibayo. Akatsitsimuka pang'ono, imabwera ntchito yomukhazika m'mphepete mwa bedi. Namwino mmodzi amaima kumutu atagwira paipi ya kukhosi, maso ake ali pomwepo basi. Wina amayang'anira madiripi ndi machubu kuti pasakokeke kanthu. Wa mafizo amachirikiza msana ndi mapewa, wina akutsitsa miyendo. Munthu amene mwezi wathawu ankanyamula thumba la simenti mutu wake umangogwera kutsogolo, manja akunjenjemera. Kuti akhale tsonga mphindi zisanu, anthu atatu kapena anayi asiya zina zonse kwa theka la ola. Wodi ikakhala ndi namwino mmodzi pa odwala atatu, zimenezi sizichitika ngakhale aliyense atafunitsitsa.

Kafukufuku amene anatembenuza maganizo a madokotala ambiri anatuluka mu 2009 m'magazini ya The Lancet. William Schweickert ndi anzake ku Chicago ndi ku Iowa anagawa mwa maere odwala 104 opumira makina. Gulu lina linkati likasiyitsidwa mankhwala ogonetsa tsiku lililonse, a mafizo n'kuyamba nalo pompo. Gulu lina linasamalidwa monga mwa nthawi zonse, ndipo nthawi imeneyo zimenezi zinkatanthauza kudikira mpaka makina atachotsedwa. Potuluka m'chipatala, odwala 59 pa 100 aliwonse a gulu loyamba ankatha kuyenda, kusamba, kuvala ndi kudya okha, pamene m'gulu linalo anali 35. Masiku osokonezeka mutu ndi kubwebweta anali awiri m'gulu loyamba, anayi m'gulu linalo. Kuchipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, Dale Needham ndi anzake anaika a mafizo okhazikika mu ICU n'kuchepetsanso mankhwala ogonetsa, ndipo masiku okhala mu ICU anatsika ndi awiri.

Ndiye angati?

Mayiko anayankha mosiyana. Ku Brazil lamulo la 2010 linati mu ICU mukhale wa mafizo mmodzi pa mabedi 10 aliwonse, kwa maola 18 patsiku. Bungwe la madokotala a ICU la ku Ulaya mu 2011 linati mmodzi pa mabedi asanu, masiku onse a pamlungu. Malangizo a ku Britain amati mmodzi pa mabedi anayi. Kusiyana kumeneku kukuonetsa kale kuti manambalawa sanachokere m'kafukufuku woyerekezera wodi ya mmodzi pa anayi ndi wodi ya mmodzi pa khumi. Anachokera m'kugwirizana kwa akatswiri, poona ntchito imene ilipo ndi ndalama zimene dziko lingakwanitse.

Umboni wokhudza antchito weniweniwo ulipo, koma ndi wochepa ndipo uyenera kuwerengedwa mosamala. Ku Brazil komweko, kafukufuku wa 2013 anayerekezera chipatala chimene a mafizo ankapezeka usana ndi usiku ndi china chimene ankapezeka maola 6 okha. Kumene ankapezeka nthawi zonse odwala anachoka msanga pa makina ndipo matenda a m'mapapo anali ochepa. Vuto ndi loti izi ndi zipatala ziwiri zosiyana, ndipo chipatala chotha kulipira wa mafizo wa usiku mwina chili bwinonso pa zinthu zina zambiri. Ku South Africa, Susan Hanekom wa pa yunivesite ya Stellenbosch anayesa mu ICU imodzi yomweyo ya odwala opangidwa opaleshoni, kusinthanitsa nyengo: nyengo zina wa mafizo wokhazikika wotsatira ndondomeko yolembedwa, nyengo zina wongobwera kuchokera ku mawodi ena. Zotsatira zake za mu 2012 zinaonetsa kuti pa nyengo za wokhazikika odwala ochepa ndi amene anafunika kuikidwa paipi, ndipo ochepanso anabwezeredwa paipi itachotsedwa. Ine ndimaona kuti phunziro la Hanekom ndi lolemera kuposa manambala a mabedi aja. Wa mafizo wokhala momwemo amadziwa kuti bambo a pabedi lachitatu amatopa msanga m'mawa, amakhalapo madokotala akamazungulira, ndipo amatha kupempha kuti mankhwala ogonetsa achepetsedwe ola lakutilakuti. Wongoitanidwa amapeza wodwala ali mtulo tofa nato n'kubwerera.

Kenako mu 2022 kunabwera kafukufuku wamkulu koposa, wotchedwa TEAM, wotsogoleredwa ndi Carol Hodgson wa ku Melbourne, yemwenso ndi katswiri wa mafizo. Odwala anali 750, m'zipatala 49 za m'mayiko 6. Gulu lina linkalimbitsidwa thupi molimbika, pafupifupi mphindi 21 patsiku, kuyambira pa mlingo wapamwamba umene wodwala angaukwanitse. Gulu lina linkalandira za masiku onse. Atawerenga masiku amene munthu anakhala moyo ali kunja kwa chipatala pa masiku 180, anapeza 143 m'gulu loyamba ndi 145 m'gulu lachiwiri. Palibe kusiyana. Komanso mavuto monga kusokonekera kwa kagundidwe ka mtima, kusintha kwa BP ndi kutsika kwa mpweya anagwera odwala 9 pa 100 aliwonse m'gulu lolimbikiralo, pamene m'gulu linalo anali 4.

Ena atamva izi anati nkhani yatha, asiyeni odwala agone. Koma "za masiku onse" za m'zipatala zimenezo zinali zotani? Odwala a gulu lachiwiri ankalandirabe mafizo pafupifupi mphindi 9 patsiku. M'magulu onse awiri odwala 77 pa 100 aliwonse anafika poimirira, a gulu loyamba cha pa tsiku lachitatu, a gulu lachiwiri cha pa tsiku lachisanu. Ndiye kuti TEAM anayerekezera munda wothira matumba awiri a feteleza ndi munda wothira thumba limodzi, osati ndi munda wopanda feteleza. Chimene anatiphunzitsa ndi chofunika: kukakamiza munthu wodwala kwambiri kupitirira pamene thupi lake likulolera sikuwonjezera phindu, ndipo kungathe kumuvulaza. Sananene chilichonse chokhudza wodi imene wa mafizo safikako. Chaka chotsatira, 2023, gulu la Bhakti Patel ku Chicago linasindikiza zotsatira za odwala 200 kumene gulu loyerekezera nalo linkachedwadi kuyamba mafizo. Patatha chaka, 24 pa 100 aliwonse a oyamba msanga anali ndi vuto la kuiwala ndi kuganiza movutikira, pamene mwa ochedwa anali 43.

Kwathu kuno funso lili chakumunsi kwa zonsezi. Mabedi a ICU a boma ndi owerengeka, m'zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu. Maphunziro a digiri ya mafizo anayamba mu 2010 ku College of Medicine, yomwe tsopano ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndiye ntchitoyi ndi yatsopano ndipo oigwira amagawanika pakati pa mawodi a mafupa, a ana, a sitiroko ndi odwala oyendera. Chipatala chotere chili pafupi ndi mmene zinalili ku Chicago isanafike 2009 kusiyana ndi zipatala za TEAM. Wogawa ndalama amene angagwiritse ntchito TEAM pokana kulemba wa mafizo wa mu ICU akhala atawerenga molakwa.

Nsapato ndi bondo

Bungwe la WHO limati mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni padziko lonse anali ndi nyamakazi yobwera chifukwa cha kuperepeseka kwa malo okumanira mafupa, ndipo 365 miliyoni mwa iwo inali ya m'bondo. Amayi ndi amene ali ambiri, 60 pa 100 aliwonse. Nsonga za mafupa a m'bondo zimakutidwa ndi kafupa kofewa koterera. Kameneka kakayamba kutha, fupa la pansi pake limasintha, bondo limatupa, limauma m'mawa, ndipo kutsika chitunda kapena kudzuka pamphasa kumakhala nkhondo. Tikamayenda, kulemera kwambiri kumadutsa mbali ya m'kati ya bondo, yoyang'anana ndi bondo linzake, makamaka kwa amene miyendo yawo inapindikira kunja. N'chifukwa chake mbali imeneyi ndi imene imatha kawirikawiri.

Ofufuza amatha kuyeza kulemera kumeneku. Munthu amayenda pa mbale zachitsulo zokwiriridwa pansi, makamera akujambula timipira tomata pa miyendo yake, kompyuta n'kuwerengera mphamvu imene ikupinda bondo. Ndi njira imeneyi Casey Kerrigan anaonetsa mu 1998 kuti nsapato za gogoda zimawonjezera mphamvu yopanikiza mbali ya m'kati ya bondo ndi magawo 23 pa 100, ndipo mu 2001 anapeza kuti gogoda wa chidendene chachikulu sapepukirako kuposa wosongoka. Chimene chikuvuta ndi kutalika kwake. Ku Chicago, Najia Shakoor anapeza mu 2006 kuti odwala nyamakazi akamayenda opanda nsapato bondo limapepukidwa ndi magawo pafupifupi 12 pa 100, ndipo mu 2010 anaonetsa kuti mapatapata ndi nsapato zafulati zopindika sizilemetsa bondo ngati mmene nsapato zolimba zochirikiza phazi zimachitira.

Maganizo amene anatsatira ndi omveka: ngati kulemera ndi kumene kukuwononga, tichepetse kulemera, ululu uchepa. Gulu la pa yunivesite ya Melbourne, la Kim Bennell, Rana Hinman ndi Kade Paterson, linayesa maganizo amenewa katatu pa odwala enieni, kwa miyezi yambiri, ndipo katatu konse sanayende monga ankayembekezera.

Poyamba anayesa kopondera koika m'nsapato kokhuthala mbali ya kunja, kopendeketsa phazi pang'ono kuti kulemera kuchoke m'kati mwa bondo. Odwala 200 anavala kwa chaka chathunthu, ena kopendekeka, ena kafulati. Zotsatira za mu 2011: ululu chimodzimodzi, kafupa kofewa kaja chimodzimodzi. Kachiwiri, mu 2016, anayesa nsapato yopangidwa mwapadera ndi kampani ya ASICS, ya soli yolimba mbali ya kunja, pa anthu 164. Palibenso kusiyana. Koma apa funso lija libwerenso. Gulu loyerekezera nalo linapatsidwa nsapato zatsopano zabwino zoyendera, ndipo m'magulu onse awiri oposa theka ananena kuti ululu wachepa. Nsapato yapaderayo sinapose nsapato yabwino wamba. Mwina kungosiya nsapato yakutha n'kuvala yabwino kunathandiza, ngakhale kafukufukuyu payekha sangatsimikize zimenezo popeza panalibe gulu lotsala ndi nsapato zake zakale.

Kachitatu ndi kamene kanadabwitsa. Mu 2021 Paterson anayerekezera mitundu iwiri ya nsapato za m'sitolo pa anthu 164 a zaka 50 kupita m'tsogolo, amene ekisire inaonetsa nyamakazi yokulirapo mbali ya m'kati ya bondo. Ena anavala zafulati, zopepuka, zopindika mosavuta. Ena anavala zolimba, za chidendene chokhuthala pafupifupi masentimita atatu, zochirikiza pakati pa phazi. Ankavala maola osachepera 6 patsiku kwa miyezi 6. Ofufuzawo ankayembekezera kuti zafulati zipambana, popeza ndi zimene zimapeputsa bondo pa makina oyezera aja. Zinapambana ndi zolimba. Pa muyeso wa ululu wochokera pa 0 kufika pa 10, ovala zolimba anapezako bwino ndi pafupifupi 1 kuposa anzawo. Ndipo odandaula zovuta zatsopano, monga kuwawa kwa phazi, kakolo kapena bondo, anali 32 pa 100 aliwonse mwa ovala zafulati, pamene mwa ovala zolimba anali 15.

Chimene makina amayeza pa masitepe ochepa m'chipinda choyezera ndi mbali imodzi chabe ya zimene munthu amamva akayenda tsiku lonse. Ululu wa nyamakazi umachokeranso m'kutupa, m'fupa, m'kufooka kwa minofu, ngakhale m'mene munthu wagonera usiku. Phazi likamagwedezeka m'nsapato yofewa, mwina minofu yozungulira bondo imagwira ntchito yowonjezera kuti munthu asagwe. Ndimawalemekeza ofufuza amenewa chifukwa anasindikiza poyera zotsatira zotsutsa zimene iwo eni ankakhulupirira.

Malire ake nawo atchulidwe. Oyezedwawo ndi anthu a ku Australia ozolowera nsapato kuyambira ali ana, oyenda pa simenti ndi pa phula. Mayi amene wakula akuyenda pansi kapena ndi mapatapata, amene amapita kudimba m'njira ya mchenga, phazi lake ndi lina, ndipo zotsatirazi sizinayesedwe pa iye. Kafukufukuyu sananene kuti nsapato yolimba imaletsa nyamakazi kuyamba, kapena kuti imabwezeretsa chimene chinatha kale. Anangonena za ululu poyenda, mwa anthu amene ali kale ndi nyamakazi ya mbali ya m'kati. Kusiyana kwa 1 pa 10 ndi kwenikweni koma si kwakukulu.

Kwa amene bondo likuwavuta ndipo akufuna kuyesa, kuzindikira nsapato yotere sikufuna makina, ngakhale pa mulu wa kaunjika. Igwireni kumphuno ndi kuchidendene, muyese kuipotokola ngati mukufinya chovala: isalole. Ipindeni: ipindike pamene zala zimayambira pokha, osati pakati. Finyani kumbuyo kumene kumagwira chidendene ndi zala ziwiri: kusaphwatalale. Kenako iikeni pamalo osalala muione kuchokera kumbuyo. Nsapato ya kaunjika inayenda kale ndi phazi la munthu wina, ndipo soli ikakhala yodyeka mbali imodzi imapendeketsa mwendo wanu sitepe iliyonse, ngakhale pamwamba pake pakuwala. Yesani madzulo mapazi atatupako, mutavala sokosi, ndipo pasiyike mpata wa chala chachikulu cha dzanja kutsogolo.

Nsapato ndi yongothandizira. Malangizo onse akuluakulu a nyamakazi ya m'bondo amaika patsogolo kulimbitsa minofu ndi kuchepetsa thupi kwa amene ndi onenepa. Stephen Messier ndi anzake ku America anawerengera mu 2005 kuti kilogalamu imodzi ikachoka pa thupi, bondo limapepukidwa ndi makilogalamu pafupifupi anayi pa sitepe iliyonse. Mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu, womwe uja umasungunuka mu ICU, ndi umenenso umagwira bondo, ndipo umalimba ndi zinthu zosafuna ndalama: kudzuka pampando n'kukhalanso kangapo osagwira ndi manja, kuwongola mwendo uli pampando n'kuusiya m'mwamba kwakanthawi, kukwera ndi kutsika sitepe imodzi ya pakhonde. Kuwawa pang'ono pochita zimenezi n'kololedwa bola kukhale kutatsika pofika mawa lake. Koma bondo lotupa mwadzidzidzi, lotentha, lofiira, munthu akumva malungo kapena akulephera kupondera pansi, limenelo si la nsapato kapena mafizo. Mwina mwalowa tizilombo, ndipo tizilombo m'bondo timawononga pa masiku ochepa, choncho apite kuchipatala tsiku lomwelo.